Mabawuti a Mabuleki pa Galimoto Yomangidwa Pakhomo

M'misika yambiri ya kumidzi ndi m'matauni muli amisiri amene atha kutenga magalimoto awiri kapena atatu akufa ndi kutulutsapo galimoto imodzi yoyenda. Injini ichokera kwina, ekiselo ya kumbuyo ichokera kwinanso, ndipo bodi aiwotcherera okha ndi zitsulo zogula pamsika. Ntchito yotere ndi yotamandika ndithu, pakuti galimoto imene ikanangodyedwa ndi dzimbiri kuseri kwa nyumba iyambanso kunyamula chimanga, fodya ndi odwala opita kuchipatala.

Koma pali chinthu chimodzi chimene omanga ambiri sachisamala mokwanira. Tsiku limene injini yalira koyamba, anthu amasonkhana kudzaona ndi kukondwera, koma ndi owerengeka amene amagwada pansi kuti aone ngati mabawuti ogwira mabuleki ali olimba. Injini ikakana, galimoto imangoima pamene ili ndipo palibe wovulala. Mabuleki akakana, galimoto siima. Ali yense amene anatsikapo mtsetse wa Chiweta popita ku Karonga, wa Khwekhwelere pochoka ku Dedza kupita ku Golomoti, kapena wochoka ku Blantyre kutsikira ku Chikwawa, adziwa bwino chimene chingachitike pamalo otere. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi, chotero dalaivala alibe nthawi yolingalira.

Omanga Magalimoto ku Britain

Kumanga galimoto pakhomo kudziwika m'maiko enanso. Ku Britain, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, magalimoto atsopano anali osowa ndi odula. Tsono anyamata ambiri ankagula timagalimoto takale, monga Austin Seven, nachotsa bodi, namangapo ina yawoyawo. Mmodzi wa iwo anali Colin Chapman, amene anamanga galimoto yake yoyamba motero mu 1948. Pambuyo pake iye anayambitsa kampani ya Lotus, ndipo mu 1957 kampaniyo inatulutsa galimoto yotchedwa Lotus Seven. Wogula ankatha kuitenga ili m'zidutswa ndi kukailumikiza yekha kwawo, ndipo potero ankapewa msonkho umene unkaikidwa pa galimoto yathunthu. Mu 1973 kampani ya Caterham inagula ufulu wopanga galimotoyo, ndipo ikupangidwabe mpaka lero.

Masiku ano galimoto yomangidwa pakhomo ku Britain siloledwa pamsewu isanaonedwe ndi woyeza wa Boma. Kuyambira mu 2009 kuyezako kutchedwa Individual Vehicle Approval. Woyezayo amapima mphamvu ya mabuleki pa makina, naonanso mmene chitsulo chilichonse chamangidwira. Kunonso galimoto iyenera kukhala ndi chiphaso cha COF chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Koma woyeza wa Boma amaona galimoto tsiku limodzi lokha, pamene bawuti imamasuka pang'onopang'ono m'masiku onse otsatira. Chifukwa chake woyeza wa tsiku ndi tsiku ndiye mwini galimoto.

Kufakitale bawuti iliyonse imamangidwa ndi makina opima mphamvu, ndipo ntchito ikatha imaonedwanso. Pakhomo sizili choncho. Mmisiri ali yekha, ndipo ntchito imatenga miyezi chifukwa zitsulo zimagulidwa ndalama zikapezeka. Lero alowetsa bawuti ndi zala kuti aone ngati chitsulo chakhala bwino, nanena mumtima kuti adzamanga mawa. Mawa kubwera maliro kapena ntchito ya kumunda, ndipo patapita masabata atatu bawutiyo ioneka ngati yomangidwa kale. Ngozi zambiri za mabawuti zimayambira pamenepa.

Pamene Mabawutiwo Ali

Kuti munthu adziwe poyang'ana, ayenera kutsata njira imene mphamvu imadutsa kuchokera kuphazi la dalaivala kukafika kugudumu.

Poyamba pali chopondera buleki. Chopondera chimazungulira pa bawuti kapena pa mtanda wachitsulo, ndipo chimalumikizidwa ndi kandodo kokankha mpope kudzera pa pini yaifupi. Pini imeneyi imatsekedwa ndi kapini kena ka miyendo iwiri. Kapiniko kakagwa, pini ituluka, ndipo phazi lingopondereza chopondera mpaka pansi osagwira kanthu.

Kachiwiri pali mpope waukulu umene uli pansi pa kabotolo ka mafuta a mabuleki. Mpopewu kawirikawiri umagwidwa ndi manati awiri. Kuchokera pamenepo mafuta amadutsa m'timapaipi tachitsulo ndi tamphira kupita kumagudumu onse, ndipo paliponse pamene mapaipi akumana pali nati yaing'ono.

Kachitatu ndi kumagudumu akutsogolo. Magalimoto ambiri ali ndi chimbale chachitsulo chimene chimazungulira pamodzi ndi gudumu, ndi chopanira chimene amakaniko amachitcha kalipa. Dalaivala akaponda buleki, chopanira chimafinya chimbale uku ndi uku. Chopanira chonsecho chimagwidwa ndi mabawuti aakulu awiri okha, ndipo mphamvu yonse yoimitsa gudumu imadutsa pa awiriwo. Imodzi ikagwa, chopanira chimapendekeka pa yotsalayo nichigunda m'kati mwa gudumu. Gudumu likhoza kuima mwadzidzidzi ndi kupotoza galimoto, kapena paipi yamphira ikhoza kung'ambika mafuta n'kutayika.

Kachinayi ndi kumagudumu akumbuyo, kumene magalimoto ambiri onyamula katundu ali ndi dilamu. M'kati mwa dilamu muli zitsulo ziwiri zopindika zimene zimatambasuka ndi kukhula dilamuyo. Zitsulozi zimakhala pa mbale yosazungulira imene imamangidwa ku ekiselo, kawirikawiri ndi mabawuti anayi. Pomaliza pali manati a waya wa buleki ya pamanja, ndi manati a magudumu enieniwo, pakuti pa magalimoto ambiri manati amenewa ndiwo amagwiranso chimbale kapena dilamu pamalo pake.

Chifukwa Chake Bawuti Imamasuka

Anthu ambiri aganiza kuti bawuti imagwira monga msomali m'thabwa. Kunena zoona imagwira monga mphira yomangira katundu panjinga. Mphira imagwira thumba chifukwa yakokedwa ndipo ifuna kubwerera. Bawuti nayonso ikamangidwa imatanuka pang'ono, ndipo pofuna kubwerera imapanikiza zitsulo ziwiri pamodzi. Pa bawuti yaifupi kutanukako n'kochepa kwambiri, ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi.

Apa ndi pamene galimoto yomangidwa pakhomo ili ndi vuto lakelake. Mmisiri amakonda kupaka penti zitsulo zonse kuti zioneke zatsopano, kapena amamanga zitsulo zakale zili ndi dzimbiri ndi dothi. Penti yochindikala ikakhala pansi pa mutu wa bawuti kapena pakati pa zitsulo ziwirizo, imaphwanyika galimoto ikayenda maulendo angapo. Kampata kamene katsala kakhoza kufanana ndi kutanuka konse kwa bawuti. Motero bawuti imene inamangidwa bwino ipezeka yokhwepa ngakhale sinazungulire konse. Malo okhudzana zitsulo ayenera kupalidwa mpaka chitsulo chioneke.

Chifukwa chachiwiri ndi kugwedezeka. Mu 1969 katswiri wa ku Germany, Gerhard Junker, anasonyeza kuti nati imamasuka msanga zitsulo zimene yamanga zikamasuntha cham'mbali, ngakhale pang'ono pokha, ndipo makina ake oyezera akugwiritsidwabe ntchito. Mabuleki amakumana ndi kusuntha kotereku tsiku lililonse. Galimoto ikaima ikupita kutsogolo, chopanira chimakankhidwira mbali imodzi, ndipo ikaima ikubwerera m'mbuyo chimakankhidwira mbali ina. Msewu wafumbi wokumbikakumbika umawonjezera kugwedezekako.

Chifukwa chachitatu ndi kutentha. Pa mtsetse wautali chimbale chimatentha mpaka madigiri mazana angapo. Zitsulo zimafufuma zikatentha ndi kubwerera zikazizira, ndipo bawuti imene inali yosalimba kale imakhwepa koposa.

Zizindikiro

Akuluakulu amati tsoka silinunkha, koma bawuti yokhwepa kawirikawiri imachenjeza isanagwe. Dalaivala amamva kugogoda kumodzi, go! poponda buleki, makamaka akangosintha kuchoka kutsogolo kupita m'mbuyo. Pamsewu wa mabampu pamamveka phokoso la zitsulo kugudumu, ndipo phokosolo limaleka akaponda buleki pang'ono. Nthawi zina galimoto imakokera mbali imodzi poima, kapena chopondera chimatsika kwambiri kuposa kale.

Maso nawonso amaona zizindikiro. Fumbi lofiira ngati katondo lozungulira mutu wa bawuti litanthauza kuti zitsulo zakhala zikukhulana. Malo onyezimira pambali pa nati asonyeza kuti natiyo yasuntha. Chinyontho pamene mapaipi akumana, kapena mafuta otsika m'kabotolo, ndi chizindikiro chakuti pena patayikira.

Kuyang'ana Kwake

Ntchitoyi iyenera kuchitika masana, pamalo osalala ndi olimba, mabuleki atazizira. Magudumu otsala pansi atsekedwe ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo. Galimoto ikakwezedwa ndi jeke, pansi pake paikidwe zitsulo zochirikizira kapena zipika zolimba. Jeke yokha siyenera kudaliridwa, ndipo njerwa zimasweka mosachenjeza. Fumbi la mabuleki lipukutidwe ndi nsanza yonyowa. Lisauziridwe ndi pakamwa, pakuti mabuleki ena, makamaka akale, ali ndi asibesitosi amene amawononga mapapo.

Mwini galimoto ayambire pa chopondera ndi kutsata njira yonse mpaka kumagudumu, gudumu limodzi pa nthawi, osadumpha. Ndi bwino kulemba papepala mabawuti onse ndi kuchonga iliyonse ikaonedwa, chifukwa mutu umaiwala koma pepala siliiwala.

Pa malo aliwonse ayambe wayang'ana ndi maso. Awerenge ngati mabawuti alipo onse, ngati kapini ka miyendo iwiri kalipo ndipo miyendo yake ndi yopindidwa, ndiponso ngati bawuti yatulukira kunja kwa nati ndi mazinga awiri kapena kuposa. Kenaka agwire chopanira ndi manja awiri ndi kuchigwedeza. Zopanira zambiri zinapangidwa kuti zizitsetsereka pang'ono kulowa ndi kutuluka pa mapini ake, ndipo zimenezo si vuto. Koma chitsulo chimene chamangidwa ku mwendo wa galimoto sichiyenera kusuntha konse.

Atatero atenge sipanala yokwana bwino pa mutu wa bawuti, makamaka yozungulira mutu wonse, ndi kuikoka cha komangira. Bawuti yolimba sisuntha. Ikasuntha mosavuta, asangoimanga n'kupitirira. Aichotse ndi kuona mazinga ake ndi a dzenje lake, pakuti bawuti imene yayenda yokhwepa imadyeka, ndipo dzenje lake limakula. Yodyeka, yopindika kapena ya mazinga ophwanyika itayidwe.

Kumanga Moyenera

Kumangitsa mopitirira n'koopsanso. Ena amalowetsa paipi yaitali pa sipanala kapena kuiponda ndi phazi. Bawuti ikakokedwa kupyola malire ake sibwereranso, monga mphira yotha ntchito, ndipo ikhoza kuduka pamsewu. Manati a mapaipi ndi timabawuti totulutsira mpweya m'mabuleki ndi tofewa kwambiri, ndipo tifuna sipanala yaing'ono ndi dzanja lodekha.

Amakaniko ali ndi sipanala yopima mphamvu imene amaitcha torque wrench, ndipo mphamvuyo imalembedwa ndi zilembo za Nm. Nambala yoyenera ipezeka m'buku la galimoto imene chitsulocho chinachokera, ndipo nambala ya m'buku ndiyo iyenera kutsatidwa nthawi zonse. Pofuna kungodziwa kukula kwa mphamvuzi, bawuti wamba yolembedwa 8.8, ya mazinga oyera ndi ouma, imafuna pafupifupi 25 Nm ikakhala yonenepa mamilimita 8, pafupifupi 50 Nm ikakhala ya mamilimita 10, ndi pafupifupi 85 Nm ikakhala ya mamilimita 12. Kunenepa kumeneku ndi kwa thunthu la bawuti, osati kwa mutu wake kapena nambala ya sipanala.

Kumudzi kumene kulibe sipanala yopima, sikelo yopachika yogulira mbewu ikhoza kuthandiza. Mbedza ya sikelo ikoledwe kunsonga ya sipanala, ndipo sikelo ikokedwe mopingasa bwino ndi sipanalayo. Makilogalamu 20 pa sipanala yotalika masentimita 25 apereka pafupifupi 50 Nm. Makilogalamu 10 pa sipanala yotalika theka la mita aperekanso chimodzimodzi. Njira imeneyi siposa chida chenicheni, koma iposa kungoganizira. Amene sakhulupirira dzanja lake apite kwa makaniko wodziwa, pakuti safunsa anadya phula.

Bawuti ikamangidwa, pajambulidwe kamzere ka penti yoyera kuchokera pa mutu wake kufika pa chitsulo chimene yagwira. Tsiku lina kamzereko kakapezeka kataduka pakati, mbali ina ili apa ina apo, ndiye kuti bawuti yazungulira. Kamzereko kathandizanso mmisiri kudziwa mabawuti amene wamaliza ndi amene anangowalowetsa ndi zala. Koma kamzere sikaonetsa bawuti imene yakhwepa chifukwa cha penti yophwanyika, chotero sipanala ifunikabe pa miyezi yoyamba.

Bawuti Yoyenera ndi Zotsekera Zake

Mabawuti sali ofanana ngakhale aoneke chimodzimodzi. Pa mutu wa bawuti yolimba pamalembedwa nambala monga 8.8, 10.9 kapena 12.9, ndipo nambala ikakula kulimba kumakulanso. Yolembedwa 4.6 kapena 4.8, kapena yopanda chizindikiro chilichonse, ndi ya mageti ndi mabenchi. Pa mabuleki siyenera kufikapo. Mabawuti opimidwa m'mainchesi amakhala ndi timizere pamutu, titatu kapena tisanu ndi kamodzi. Bawuti ya chopanira ikatayika, ilowedwe m'malo ndi inzake yeniyeni ya ntchito imeneyo, yofanana kulimba, kutalika ndi mazinga. Yaifupi imagwira ndi mazinga ochepa, ndipo yaitali ikhoza kugunda pansi pa dzenje n'kumamveka yolimba chitsulo chisanagwidwe.

Womanga ndi zitsulo za magalimoto osiyanasiyana achenjere ndi mazinga. Magalimoto akale a ku Britain ndi a ku America anali ndi mazinga opimidwa m'mainchesi, pamene a ku Japan ndi a ku Germany ali ndi a mamilimita. Pa mapaipi a mabuleki, nati ya 3/8 ya inchesi imalowa m'dzenje la mamilimita 10 ndi kuoneka ngati yakwana, koma imagwira ndi nsonga za mazinga zokha, ndipo ikhoza kuzuka tsiku limene dalaivala waponda buleki ndi mphamvu zake zonse. Nati yoyenera imalowa ndi zala mosavuta ndiponso mosagwedera.

Zotsekera zilipo za mitundu ingapo. Kapini ka miyendo iwiri kakachotsedwa, paikidwe katsopano, osati msomali kapena waya wa mpanda. Nati yokhala ndi kamkombero ka nayiloni m'kati mwake imagwira bwino pamalo ozizira monga pa chopondera, koma nayiloni imafewa ikatentha kupyola madigiri pafupifupi 120, chotero siyenera kuikidwa pafupi ndi chimbale. Ikafika polowa yonse ndi zala, yatha ntchito. Palinso guluu wa mazinga, monga Loctite, amene amathiridwa dontho limodzi kapena awiri pa mazinga oyera opanda mafuta. Bawuti yothiridwa guluu ikasunthidwa, guluuyo wasweka, ndipo iyenera kuchotsedwa, kutsukidwa ndi kuthiridwanso. Washala yodulidwa mbali imodzi, imene ambiri amaidalira, inapezeka pa makina a Junker kuti siletsa nati kumasuka zitsulo zikayamba kusuntha. Chimene chimagwira bawuti koposa zonse ndi kumangidwa kwake pa mphamvu yoyenera.

Kuyesa ndi Nthawi Zake

Magudumu asanabwezedwe, mnzake akhale pampando ndi kuponda buleki mwamphamvu kwa theka la mphindi. Chopondera chiyenera kuima malo amodzi. Chikamatsika pang'onopang'ono, ndiye kuti mafuta akutayika kapena mpope watha. Pa nthawi yomweyo mwini galimoto ayang'ane polumikizira mapaipi ponse ngati pali chinyontho. M'kabotolo muthiridwe mafuta a mabuleki okha, a mtundu wolembedwa pa chivindikiro. Oilo ya injini imatupitsa mphira za m'kati ndi kuwononga mabuleki onse.

Magudumu akabwezedwa, manati ake amangidwe modumphadumpha, iyi kenaka yoyang'anana nayo, ndi kumalizidwa galimoto itatsitsidwa pansi. Dalaivala aponde buleki kangapo asananyamuke, ndipo ayese kuima pamalo athyathyathya opanda anthu, poyamba pang'onopang'ono, asananyamule munthu ali yense.

Galimoto yomangidwa kumene ionedwe mabawuti onse isanayende ulendo woyamba, ionedwenso ikayenda makilomita 50, ndiponso ikakwanitsa makilomita 500, pakuti nthawi imeneyi ndiyo zitsulo zikukhazikika. Pambuyo pake kamodzi pamwezi n'kokwanira, kuwonjezapo tsiku lililonse limene mabuleki akonzedwa ndi tsiku lokonzekera ulendo wa m'mapiri. Ntchito yonseyi siposa ola limodzi kapena awiri.

Dalaivala akamva kugogoda kugudumu ali paulendo, aime pamalo abwino oyamba ndi kuyang'ana. Asanene kuti kwatsala pafupi. Potsika mtsetse wautali alowetse giya yaing'ono asanayambe kutsika, kuti injini ithandize kugwira galimoto ndipo mabuleki asatenthe.

Aphunzitsi akhoza kusonyeza ana zonsezi pa njinga ya pasukulu, pakuti nati yogwira buleki ya njinga imamasuka pa zifukwa zomwezi. Mwana amene waphunzira kuyesa nati asanakwere njinga adzachitanso chimodzimodzi akadzagwira chiwongolero. Odziwa kuwerenga awerengere nkhaniyi amisiri ndi madalaivala a m'mudzi mwawo. Okwera nawonso asachite manyazi kufunsa mwini galimoto tsiku limene mabuleki anaonedwa komaliza, ndipo mwini galimoto wosamala adzayankha mosavuta, pakuti tsikulo lidzakhala lolembedwa papepala lake.